Mabushi a labala kapena a poly pa masipiring'i a lole, musankhe ati?

Lole ikayamba kugogoda kumbuyo mukamanyamuka kapena mukaponda buleki, kaya matayala akudyeka mbali imodzi, lowani pansi ndi liva (chitsulo chachitali chokankhira). Ilowetseni pakati pa diso la sipiring'i (kumapeto kwake kopindidwa ngati mphete, momwe mumalowa bushi) ndi bulaketi yake mukankhe. Ngati zikusewera kapena labala wang'ambika n'kumatulukira m'mbali, mabushiwo atha basi.

Ndiye muike ati? Kaye mumvetse mmene amagwirira ntchito chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Bushi ya labala imakhala yomatidwa ku kapaipi kachitsulo kamkati, sipiring'i ikamakwera ndi kutsika labalayo amangopotoka n'kubwerera, palibe zokhulana, n'chifukwa chake safuna girizi komanso salira. Ya polyurethane (mtundu wa pulasitiki wonga labala), imene ambirife timangoti poly, simamatidwa ayi, imazungulira pa kapaipiko, ndiye ikauma imalira ngati chitseko cha mahinjesi adzimbiri, bampu iliyonse kwiii kwiii mpaka mutu kuwawa.

Kulimba kwake amayeza ndi muyezo wotchedwa Shore A, nambala ikakwera ndiye kuti bushiyo ndi yolimba kwambiri. Labala wa mabushi nthawi zambiri amakhala cha m'ma 60 mpaka 70, pomwe poly amapezeka cha m'ma 80 kukafika 95. Kulimbako ndi kumene kumathandiza lole yosenza katundu wolemera tsiku ndi tsiku kapena yokoka ngolo, bushi siphwatalala msanga, ekiselo imakhala pamalo pake osayendayenda. Chinanso poly saopa oyilo ndi dizilo, pamene labala akamadonthezeredwa oyilo amafufuma n'kufewa, kenako kuthetheka. Ngati injini kapena giyabokosi yanu imadontha ndipo mukudziwa kuti simukonza lero kapena mawa, poly akupirirani.

Koma musaiwale kuti kugwedezeka kumene labala amameza kuja, ndi poly kumadutsa kukafika ku chasisi mpaka pampando wa dalaivala. Pamsewu wa maenje pomwe tayala lina lakwera lina latsika, sipiring'i imafunika kupotokako pang'ono, bushi ikakana mphamvuyo imakathera pa mashako (zitsulo zolumikiza diso lakumbuyo la sipiring'i ku chasisi), mabawuti ndi diso la sipiring'i, ndipo izi ndi zodula kuposa bushi. Fumbi nalonso likasakanikirana ndi girizi limadya bushi ndi kapaipi komwe. Ine lole yoyenda m'misewu yoipa, kapena ya munthu amene pampu ya girizi saigwira n'komwe, ndimati ikhale pa labala wabwino. Ena amasakaniza, labala pa diso lakutsogolo, poly kumashako, zimayenda ndithu.

Poika ndi pomwe anthu ambiri amaphera mabushi atsopano. A labala musamange mabawuti mpaka kumapeto lole ili pa jeke matayala akulendewera. Ingogwiritsani pang'ono, tsitsani lole iime pa matayala ake, kenako mumange molingana ndi buku la galimotoyo. Mukamangiratu ili m'mwamba labala amakhala wopotoka kale lole itangoima, ndiye sachedwa kung'ambika. Girizi wamba musapake pa labala, madzi a sopo akukwana polowetsa, ndipo okhala ndi chigoba chachitsulo kunja amafuna pulesi osati hamala.

A poly ambiri amabwera zidutswa ziwiri zongokankha ndi manja, kapaipi pakati. Pakani girizi wa silicone kapena wokhala ndi PTFE (Teflon) mkati monse ndi m'mbali momwe, osaumira, ndipo ngati alipo mabawuti okhala ndi nipo yopopera girizi tengani amenewo. Musanadule chigoba chakale ndi sowo werengani kapepala ka m'paketi, ena amapangidwa kuti alowe m'chigoba chakalecho.

Yezani diso la sipiring'i ndi kalipa (chida choyezera kukula kwa bowo) musanagule, likakhala kuti lakula kapena silinso lozungulira bwino bushi iliyonse izisewera basi. Sinthani mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, chasisi itakhala pa masitandi, jeke yokha musaikhulupirire muli pansi pa lole.