Kugona mu tenti ndi ana kuyambire pakhomo

Ana akamakuvutitsani kuti akufuna kugona mu tenti, musathamangire ku Cape Maclear kapena kuphiri la Zomba. Yambirani pabwalo panu pomwepo. Wamng'ono akayamba kulira pakati pa usiku, mungomunyamula n'kulowa naye m'nyumba.

Mwezi wa Seputembala ndi wabwino, chifukwa chisanu cha Juni ndi Julayi chimakhala chatha koma mvula isanayambe. Mangani tenti dzuwa lisanalowe, pamalo osesa bwino, ndipo wazani phulusa mozungulira kuti linthumbu lisakupezeni. Pansi yalani mphasa, matiresi pamwamba, popeza m'bandakucha nthaka imazizira. Neti ya udzudzu ikhalepo ngakhale tentiyo ili ndi zipi.

Chimene ndikupempha kwambiri, makolo anzanga, ndi ichi: mbaula isalowe mu tenti, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Mpweya wake sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo. Kandulo nayonso ayi. Otcherani mbatata panja, muwaimbire nthano anawo akudya, mukatha muthire madzi pamotopo. Mwana aliyense mum'patse katochi kake, ndipo ikani kachidebe pafupi ndi khomo la tenti kuti asamapite kuchimbudzi mumdima.