Malangizo kwa asodzi a ku Dedza opita kukawedza pa nyanja ya mchere

Achinyamata ena a m'dera la Inkosi Kachindamoto, makamaka a ku Mtakataka ndi ku Golomoti, amadutsa pa chipata cha Dedza kukasaka ntchito ku Mozambique, ndipo ena mwa iwo amakathera m'maboti a asodzi a ku Beira, Quelimane kapena Nacala. Poti anakulira pa nkhafi ndi chilimira, amapita ndi mtima woti madzi ndi amodzimodzi. Ine monga mlangizi ndikukupemphani kuti maganizo amenewa muwasiye pa chipata pomwepo. Mukafika kugombe la nyanja ya mchere, pezani msodzi wamkulu wobadwira komweko, muzilowa naye m'boti ngati wophunzira kwa mwezi wathunthu, kuchokera pamene mwezi waoneka mpaka utaonekanso, musanayerekeze kupalasa nokha ngakhale pafupi ndi mtunda.

Chifukwa chachikulu ndi kukwera ndi kuphwa kwa madzi. Nyanja yathu ya Malawi imakwera m'dzinja n'kumatsika pang'onopang'ono m'chilimwe, koma nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse umatenga maola pafupifupi 6. Nthawi yake siikhazikika, chifukwa tsiku lililonse imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, motsata mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukalowa mumdima, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri, moti ku Beira kusiyana kwake kumafika mamita 6. Mnyamata wina wa ku Golomoti atabwerako anandifotokozera kuti tsiku lake loyamba anaponya nangula madzi akumulekeza m'chiuno, napita kukagula chakudya, koma pobwera anapeza boti litagona cham'mbali pamatope, madzi ali kutali moti ankangowaona kunyezimira. Anadikira mpaka usiku, nsomba zimene anagwira m'mawa zikuwonongeka ali kuziyang'ana. Iyeyo anataya nsomba zokha. Amene amatsika m'boti n'kumayenda pamchenga wa pakati pa madzi osadziwa kuti madzi akubwerera mozungulira kumbuyo kwake akhoza kutaya moyo.

Kuyenda kwa madziku ndi kumenenso kumalamulira nthawi yodya nsomba. Madzi akamadzaza, nsomba zimalowa m'timitsinje ta m'nkhalango za mitengo yomera m'madzi amchere kutsata nkhanu ndi tinsomba, ndipo akayamba kuphwa zimakadikirira chakudya pamathiriro a timitsinjeto. Madzi akaima chilili, nthawi zambiri mbedza imangokhala. Choncho mukaona mkulu wa boti akukudzutsani pakati pa usiku lero, patapita masiku n'kukuuzani kuti mulowa dzuwa litakwera, musamuyese wosakhazikika maganizo. Mufunseni chimene waona, muyang'anenso zizindikiro zimene amalondola pamtunda, monga mtengo wa kokonati wautali kapena nsanja, pofuna kupeza pamene pali miyala pansi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo kumeneko kufunsa sikovuta kwenikweni, popeza Chisena chimene chimayankhulidwa ku Beira chili ndi mawu ambiri ofanana ndi athu.

Malo oopsa kuposa onse ndi pamene mtsinje waukulu umathira m'nyanja, monga Pungwe ndi Buzi pafupi ndi Beira. Madzi akamaphwa amatuluka mwamphamvu n'kukumana ndi mafunde ochokera kunyanja pamwamba pa mchenga wosaya, ndipo pamenepo mafunde amaima njo, okhoza kugubuduza boti lodzaza. Pamalo otere chiwongolero chikhale m'manja mwa mwini dera, inu mukhale pansi pakati pa boti mutavala jekete yoyandamitsa. Kudziwa kusambira kusakunamizeni.

Pa zida, nyambo yodalirika ndi tinsomba tamoyo ndi tinkhanu tija kumeneko amati camarão. Nsomba yotchedwa serra ili ndi mano akuthwa odula chingwe, n'chifukwa chake amamangirira kawaya pafupi ndi mbedza. Nsomba ina yotchedwa garoupa ikangomeza nyambo imathamangira kuphanga la miyala, ndiye muyenera kuikoka msanga isanalowe. Mukatuluka m'madzi tsukani mbedza, mipeni ndi injini ndi madzi abwino tsiku lililonse, pakuti mchere umadya chitsulo mofulumira kuposa mmene tinazolowera kuno.

Chinthu china chimene anzathu amaiwala ndi madzi akumwa. Kwathu kuno msodzi akamva ludzu amangotunga pambali pa bwato, pamene madzi amchere mukamwa amawonjezera ludzu ndi kufooketsa thupi. Musalowe m'boti lopanda chigubu chodzaza, ngakhale ulendo utakhala wa maola ochepa.

Nsomba iliyonse imene simukuidziwa musaigwire ndi manja kapena kuidya mkulu wa boti asanaione. Pali ina yaphanthiphanthi ngati lichero, ya mchira wautali wokhala ndi munga waululu, imene imabisala mumchenga wa m'madzi osaya. Poyenda m'madzi otere muzikhwekhwereza mapazi kuti ithawe, ndipo ikakulasani viikani balalo m'madzi otentha amene thupi lingapirire, kenaka thamangirani kuchipatala. Palinso ina imene imadzitukumula ngati mpira ikagwidwa. Imeneyo ili ndi poizoni wosatha ngakhale mutaiphika motani, ndipo imapha.

Za nyengo ndinene mosapita m'mbali. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nthawi ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Namondwe wa Idai anasakaza mzinda wa Beira m'mwezi wa Malichi 2019, ndipo Freddy, amene anatiliza m'chigawo chakummwera mu 2023, analowera kumtunda cha ku Quelimane. Mwera umene timauopa pa nyanja yathu sungafanane ndi zimenezi. Muzimvera wailesi, ndipo eni dera akakokera maboti awo kumtunda, inunso kokerani lanu ngakhale kumwamba kukuoneka koyera.

Musananyamuke kuno konzani pasipoti ndi zikalata zokuyenerezani kugwira ntchito m'dziko la eni. Kumeneko boti limayenera kukhala ndi chilolezo cha usodzi, pali miyezi imene boma limatseka usodzi wa camarão kuti ziswane, ndipo kukokera nsomba ndi neti yotetezera udzudzu n'koletsedwa monga mmene zilili kwathu kuno. Za kagawidwe ka phindu mugwirizane muli pamtunda, pamaso pa mboni, kuti zidziwike ngati ndalama ya mafuta idzachotsedwa musanagawane kapena ayi. Mukatero uzani munthu mmodzi wotsala kugombe kumene mukulowera ndi nthawi imene mukuyembekeza kubwerako, foni muikulunge m'pulasitiki, ndipo nambala ya mwini boti muitumize kwa abale anu kuno kumudzi.