Momwe tingalemekezere anthu otitumikira muno mu Chipata

Sabata yatha ndinaima pamzere pa kabuthi kotumizira ndalama pafupi ndi msika wa Kapata. Netiweki inali itagwa. Bambo wina wovala bwino ankakalipira mtsikana wa m'kabuthimo ngati ndiye waizimitsa: "Iwe, ndalama zanga zili kuti?" Mtsikanayo anangozyolika, chala chili pafoni. Nthawi yanga itakwana, ndinaona manja ake akunjenjemera powerenga ma K20. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Zimenezi zandisowetsa mtendere mpaka lero, n'chifukwa chake ndalemba izi.

Choyamba, perekani moni musananene chimene mwadzera. Kumudzi, kaya ndi ku Katete kapena ku Chadiza, sungalowe pabwalo la munthu osanena "odi". Nanga bwanji m'tauni timafika pa till n'kungoponya katundu? "Mwaswera bwanji amayi" satha ngakhale mphindi imodzi. Ndipo nenani "inu", ngakhale wokutumikiraniyo ali msinkhu wa mwana wanu.

Chachiwiri, lekani kuitana munthu ndi mluzu, kuliza zala kapena "sss". Mawu oti "boyi" ndi "gelo" anatsala kuchokera nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Jameson, pamene agogo athu aimvi ankaitanidwa choncho m'makhitchini a azungu. Ndi zomvetsa chisoni kumva ife tomwe tikuwagwiritsa ntchito. Mlonda wa pageti, mayi wosesa muofesi, mnyamata wothira mafuta pa filing'i sitesheni, onsewa ali ndi mayina. Funsani kamodzi, musunge. Ngati simulidziwa, "abambo", "amayi", "asisi" kapena "akulu" zikwanira.

Chachitatu ndi nkhani ya ndalama, ndipo apa m'pamene ulemu wa ambirife umathera. Anyamata a njinga ndiwo miyendo ya Chipata. Wina amakunyamulani ku Saturday Market, inuyo pamodzi ndi thumba la ufa la 25kg, n'kupalasa chitunda dzuwa la Okutobala lili paliwombo, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta. Mukafika pakhomo m'pamene muyamba "ah, ndili ndi zochepa". Ayi. Gwirizanani mtengo musanakwere, nenani ngati muli ndi katundu, ndipo mukafika perekani zomwe munapangana. Yendani ndi ndalama zing'onozing'ono kuti asazungulire kufuna chenji, pakuti nthawi imeneyo akanatenga kasitomala wina. Chimodzimodzi kwa amayi a tomato ndi repu: kunenerera n'kwabwino, ndi mmene msika umayendera, koma amene sanenerera m'shopu yaikulu asafinye gogo pa K2.

Chachinayi, zinthu zikalakwika yambani mwafunsa kuti cholakwacho n'cha ndani. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima maola ambirimbiri, ndipo amene analandira mkwiyo wathu ndi ometa, owotcherera ndi operekera zakudya, anthu amene nawonso ankataya ndalama. Ngati wakulakwiranidi, muuzeni chapansipansi chimene chavuta ndi chimene mukufuna. Zikakanika, pemphani kuonana ndi bwana wake. Kujambula munthu n'kumuika pa Facebook kungamuchotsetse ntchito chifukwa cha mbale imodzi ya nsima yozizira.

Chachisanu, yang'anani m'nyumba mwanu momwe. Mu Januwale 2024 boma linakweza malipiro ochepetsetsa a wantchito wa pakhomo kufika pa K1,300 pamwezi. Yerekezani ndi zomwe mumapereka. Sankhani tsiku la malipiro ndipo musalisunthe, chifukwa landilodi wake ku Nabvutika kapena ku Mchini sadikira. Mulembetseni ku NAPSA, bungwe la penshoni, kumene inu mumaika 5 peresenti nayenso 5 peresenti, kuti akadzakalamba adzakhale ndi pogwira. Mupatseni tsiku lopuma, ndipo maliro akagwa kwawo musamuwerengere maola. Adye chakudya chimene waphika, pa mbale yabwino, nthawi imene ena akudya. Ndaonapo mayi akudyera mkute kuseri kwa khitchini ataphikira banja lonse nkhuku, ndipo mwini nyumbayo anali munthu wapemphero.

Ana amaona zonsezi. Mwana wanu akanena "iwe" kwa mayi amene amamusambitsa, mukonzeni pomwepo, mayiyo akumva, ndipo apepese.

Chomaliza ndi chimene ine ndinalephera pa Kapata paja. Mukaona wina akunyozedwa pantchito yake, simufunika kuyambitsa ndewu. Mawu ochepa akwanira: "Abambo, netiweki yavuta kwa tonse, tiyeni timupatse mpata." Wokalipayo akachoka, mufunseni mtsikanayo ngati ali bwino, ndipo mudikire awerenge ndalama zanu mosathamanga.