Kuphunzitsa ndi kuyesa ophunzira ochokera kunja m'makoleji a ku Mchinji

Mchinji ili m'malire ndi Zambia komanso Mozambique, ndiye mphunzitsi wa pakoleji asadabwe kupeza m'kalasi imodzi wochokera ku Chipata, wina wa ku Tete, winanso wa ku Congo amene wadzera ku Dzaleka. Onsewa mayeso amalemba m'Chingerezi, koma Chingerezicho sanafike nacho mofanana. Ntchito yanu yaikulu ndi kusiyanitsa amene phunziro sakulidziwa ndi amene akulidziwa koma chilankhulo chikumutchinga.

Macheza a panja asakunamizeni. Wa ku Angónia, ku Mozambique, amalankhula Chichewa chosalala, mpaka mungaiwale kuti kusekondale anaphunzira m'Chipwitikizi. Mbemba wa ku Kitwe Chingerezi amachitha, koma mukangolowa m'Chichewa kuti mfundo imveke, iye watsalira. Mukatero, bwerezani mfundoyo m'Chingerezi, muilembenso pabolodi.

Sabata yoyamba apatseni mphindi 20 alembe ndime imodzi pa mutu wa phunziro lanu, yopanda malikisi. Kenako aliyense afotokoze pakamwa kwa mphindi 3 zimene walembazo, m'chilankhulo chomwe nonse mukumvana. Akafotokoza bwino koma papepala pali posokonekera, vuto ndi chilankhulo, ndipo thandizo lake ndi losiyana ndi la amene sanamvetse.

Kusanafike tsiku la phunziro, tumizani pa WhatsApp mawu 10 kapena 15 ovuta a mutuwo, lililonse ndi chiganizo chimodzi chosonyeza kagwiritsidwe kake. M'magulu a anthu 4, aloleni akambirane m'Chiswahili, Chifalansa kapena Chinyanja, bola lipoti lituluke m'Chingerezi. Amene angobwera kumene musawaunjike gulu limodzi.

Pamasamu chenjerani kwambiri. Ophunzira m'Chipwitikizi ndi m'Chifalansa amalemba 2,5 pamene ife timalemba 2.5, ndipo wochonga wosadziwa amathetha yankho lolondola. Gwirizanani kalembedwe kamodzi mayeso asanayandikire. Malikisi nawo afotokozeni: ku Mozambique amachongera pa 20 ndipo 10 ndiye kukhoza, choncho wophunzira sangadziwe yekha kuti 55 pa 100 ikumuika pati.

Funso la mayeso likhale ndi ntchito imodzi m'chiganizo chachifupi. Mawu olamula monga discuss ndi evaluate aphunzitsidwe m'kalasi, ndi yankho lachitsanzo la lililonse, chifukwa ambiri amangondandalika mfundo pamene funso likufuna kuti aziyese mbali zonse. Zitsanzo za ganyu kapena chiperoni n'zachilendo kwa wa ku Bujumbura. Zifotokozeni kapena zichotseni. Mnzanu wa m'dipatimenti awerenge pepalalo pofufuza mawu osokoneza okha.

Pochonga gawani malikisi poyera, mwachitsanzo 70 pa mfundo, 20 pa kasanjidwe, 10 pa chilankhulo, ndipo ophunzira aone kagawidweka asanalembe. Popanda izi galamala imadya malikisi a mfundo mphunzitsi osazindikira. Izi si kutsitsa mulingo ayi: wophunzira unamwino akasokoneza mlingo wa mankhwala, walakwa ndithu. Nthawi yowonjezera kapena dikishonale m'chipinda cha mayeso zivomerezedwe ndi komiti yoona za mayeso pasadakhale, osati ndi woyang'anira tsiku lomwelo.

Mukapeza ndime zokopera m'buku, muitaneni wophunzirayo afotokoze pakamwa. Kawirikawiri amakopera poopa kuwononga chiganizo cha mwini wake. Muonetseni kutseka buku, kulemba mfundoyo m'mawu ake ndi kutchula kumene waitenga. Akabwerezanso ataphunzitsidwa, malamulo a koleji agwire ntchito monga kwa wina aliyense.