Mmene mungayezere chabwino ndi choipa mtima ukamakokakoka

M'mawa wina wa Januwale foni yanga inalira: K40,000 yalowa, yochokera kwa munthu wosamudziwa. Sabata yomweyo mwana wanga anali atamubweza kusukulu chifukwa cha fizi. Mtima unathamanga n'kuyamba kundiuza kuti Mulungu wayankha. Nthawi ngati imeneyi ikakufikirani, musafulumire.

Yambani ndi chifukwa chimene mukudzipatsacho. Chineneni mokweza, ngati lamulo loti aliyense azitsatira. Njirayi ndi ya Immanuel Kant, katswiri wachijeremani wa nzeru zakuya wa mumzinda wa Königsberg, amene anaifotokoza mu 1785. Ine ndinayankhula ndili ndekha kukhitchini: "Aliyense amene ali pa mavuto azisunga ndalama zobwera molakwika." Nditangomva mawu anga omwe, manyazi anandigwira. Lamulo lotere litakhazikika, ndani angatumize ndalama kwa amayi ake kumudzi mtima uli m'malo? Inenso ndinaphonyapo nambala tsiku lina, ndipo ndikukumbukira mmene thukuta linatulukira m'manja. Ngati lamulolo mungalikane tsiku limene lagwera inu, dziwani kuti mukungodzikondera.

Kenako werengani onse amene akhudzidwe. Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill a ku England ankaphunzitsa kuti chabwino ndi chimene chikuchulukitsa chimwemwe n'kuchepetsa kuvutika, ndipo munthu aliyense awerengedwe mofanana. Ndimagwirizana nawo, koma sikelo imeneyi mtima umaibera. Mwana wanga ndinkamuona ali pakhonde, yunifolomu ili pachingwe. Mwini ndalama uja anali manambala chabe pafoni. Choncho musagamule musanamve mawu ake. Muimbireni.

Aristotle, katswiri wamakedzana wa ku Greece, ankaphunzitsa kuti khalidwe limabwera ndi chizolowezi: wochita zachilungamo kawirikawiri ndiye amakhala wachilungamo. Agogo anga sanamvepo dzina limenelo, koma akati "uje alibe umunthu" ankanena za zimene munthuyo anazolowera, osati za tsiku limodzi. Dzifunseninso ngati nkhaniyo mungaifotokoze pamaso pa ana anu osabisako kanthu.

Chenjezo limodzi: musanabweze, onani kaye ngati ndalamazo zalowadi. Akuba amatumiza mauthenga abodza kuti mubweze zanu zomwe. Kupusitsidwa si ubwino.

Zanga zinali zenizeni. Nditaimba anayankha mayi wa mawu onjenjemera, kumbuyo kukumveka phokoso la msika. Unali mpamba wake wa tomato, ankatumizira womugulitsa kudimba. "Amayi, pepani, ndimaona ngati zapita," anatero katatu konse. Ndinabweza zonse tisanadule foni, ndipo mwana wanga anakhala pakhomo masiku ena asanu ndi anayi mpaka malipiro atatuluka.