Kujambula Nyimbo za Mitundu Yosiyanasiyana Popanda Kuzifananitsa

Pulodyusa amene lero akujambula kwaya, mawa rege, mkuja amapiano, chimamugwetsa ndi dzanja lozolowera. Amatsegula pulojekiti yadzulo (fayilo ya nyimbo mu pulogalamu yojambulira) n'kungosintha woimba, ndiye nyimbo zonse zimatuluka zofanana.

Musanayambe, pemphani woimbayo abweretse nyimbo ziwiri kapena zitatu zomwe akufuna kuti yake iyandikane nazo. Ziikeni mu pulojekiti, muzitsitse voliyumu mpaka zimveke mokwera mofanana ndi yanu, chifukwa khutu limanamizika kuti yokwera ndiyo yabwino. Kenaka fufuzani chomwe chikutsogolera nyimboyo, muyambire pamenepo.

Mu rege chotsogolera ndi bezi. Pa kaimbidwe ka one drop, kick (ng'oma yaikulu yoimbidwa ndi phazi) ndi rim (kumenya m'mphepete mwa ng'oma yaing'ono) zimagwera limodzi pa kugunda kwachitatu, koyamba kumasiyidwa. Mukadzazapo kick chifukwa mukuona ngati papereweredwa, rege yathawa. Amapiano amayenda pa 110 mpaka 115 BPM (kugunda pa mphindi imodzi), ndipo log drum, ng'oma yomveka ngati bezi, imafuna malo onse a mawu apansi. Kick ikhale yaifupi, musaikenso bezi ina pansi pake. Zikaombana, pa sipika zazikulu pamangomveka kuguguda kosadziwika mutu wake. Mu hip hop mawu a woimba akhale patsogolo, reverb (kumveka ngati akuimbira m'holo) pang'ono chabe.

Kwaya ndiye imafuna kuleza mtima. Yambani ndi maikolofoni awiri a condenser (amene amagwira ngakhale mawu ochepa) oyang'ana gulu lonse, oimba otsogolera muwapatse awoawo. Mukajambula pang'ono, mvetserani mu mono (mawu a kumanzere ndi kumanja ataphatikizidwa). Mawu akapyapyala, maikolofoniwo akulimbana, ndiye asuntheni pomwepo. Mukadikira nthawi ya mix (kusakaniza ndi kulinganiza zonse zomwe mwajambula) mudzavutika. Musawakakamize oimbawo kutsatira metronome (kachipangizo kosunga liwiro la nyimbo) ngati anazolowera kutsatira dzanja la wowatsogolera, ndipo Auto-Tune (pulogalamu yowongola mawu ophonya noti) yolimba pa gulu imachotsa kusiyana pang'ono kwa mawu komwe kumachititsa kwaya kumveka yaikulu.

Zosasintha ndi zochepa. Ikani pulogalamu yojambulira pa 24 bit, mawu akakwera kwambiri azifika pakati pa -12 ndi -6 dB pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu. Mawu ophulika pojambula sakonzeka bwino. Pomaliza musafinye nyimbo mopitirira pofuna kuti imveke mokwera: Spotify imalinganiza nyimbo pafupifupi pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa nyimbo), choncho yofinyidwa imangotsitsidwa, mphamvu ya ng'oma itapita kale.

Nkhani ya ndalama ikambidwe woimba asanatuluke mu situdiyo. Mu hip hop wopanga biti nthawi zambiri amawerengedwa ngati mmodzi wa opeka nyimbo, pomwe pa kwaya mwina mwangojambula. Lembani papepala amene wapeka chiyani, gawo la aliyense mwa 100, mwini wa kope lomaliza, ndi kuchuluka kwa maulendo okonzanso mix popanda malipiro ena. Aliyense asainire.