Momwe mungamalizire kontrakiti ya zomangamanga osaithawa panjira

Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'makonstityuwensi) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, makontrakita ang'onoang'ono ambiri mu Lusaka apeza ntchito zomanga makalasi, zipatala ndi misika. Ena amamaliza, ena amasiya nyumba ili pa mawindo. Ambiri mwa osiyawo kumanga amakudziwa bwino. Chimawagwetsa ndi ndalama zothera panjira.

Yambani ndi mtengo. Musalembe tenda musanapondepo pamalo pomwe mudzamange. Ku Kanyama, mwachitsanzo, pansi pali thanthwe ndipo madzi ali pafupi, choncho maziko amene munkati anyamata akumba ndi mapiki angafune makina oswera miyala. Funsani mtengo wa simenti, zitsulo ndi malata sabata yomweyo, matabwa mukaone nokha ku Buseko, kenako muonjezepo kena poti kwacha sikhala malo amodzi. Kutsitsa mtengo kuti mungopambana tenda n'kudzikumbira dzenje.

Mukapambana, samalani adivansi, ndalama imene mwini ntchito amakupatsirani pasadakhale, chifukwa anzathu ambiri amathera pomwepa. Ndalama imeneyo si phindu, ndi ya simenti ndi malipiro a amisiri, ndipo idzadulidwa pa malipiro anu otsatira. Itsegulireni akaunti yakeyake. Musagulire galimoto, musamalizire ntchito ina yakale imene inaima. Mukatero, ntchito zonse ziwiri zidzaima, ndipo banki kapena kampani ya inshuwalansi imene inakuimirani idzalipira mwini ntchito n'kubwera kudzatenga chikole chanu. Zimandipweteka kuona mmisiri waluso akutaya nyumba ya banja chifukwa cha zimenezi.

Dziwaninso kuti malipiro amachedwa. Satifiketi yovomereza malipiro anu imadutsa m'maofesi angapo, ndipo pa malipiro alionse amasungako gawo lina mpaka nthawi yokonza zolakwika itatha. Musanayambe, werengani ngati mungayendetse ntchito miyezi iwiri kapena itatu osalandira kalikonse. Ngati simungathe, kambiranani ndi ogulitsa zipangizo kuti azikupatsani pa nkhongole yolemberana. Kwa a kaloba musapiteko, chiwongola dzanja chawo chimadya phindu lonse mwezi usanathe.

Chilichonse chosintha chilembedwe. Mwini ntchito akati "muonjezeko khonde apa", yankhani mwaulemu kuti, "Bwana, tilemberane kaye pamodzi ndi mtengo wake." Sungani buku la pamalo a ntchito, muzilembamo tsiku limene kwagwa mvula, limene magetsi anathima, limene mapulani anachedwa, ndi zithunzi zake. Buku limeneli ndilo lidzakuthandizani kupempha masiku owonjezera, ndipo pempholo lipite tsiku lomalizira lisanakwane, apo ayi mudzadulidwa chindapusa cha kuchedwa. Mvula kuno imayamba cha mu Novembala, ndiye yesetsani kuti maziko ndi denga zithe isanafike.

Mapepala akhale amoyo: satifiketi ya NCC (bungwe lolembetsa makontrakita), ya msonkho ku ZRA, ya NAPSA (bungwe la penshoni) ndi ya Workers' Compensation (thumba la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito). Magiredi a NCC ndi 1 mpaka 6, ndipo wa giredi 6, yomwe ndi yotsikitsitsa, asabwereke mapepala a mnzake kuti atenge ntchito yomupitirira msinkhu.

Mukaona kuti zinthu zayamba kuthina, musazime foni. Lemberani injiniya woyang'anira ntchito sabata yomweyo, mufotokoze chavuta ndi ndondomeko yatsopano yomalizira. Kontrakiti ikathetsedwa chifukwa mwathawa, ZPPA, bungwe loyang'anira matenda a boma, ili ndi mphamvu zokuletsani kupikisana nawo pa matenda a boma.